Timabotolo Khumi ndi Tiwiri ta Sakina

Tsiku limene Sakina anakumana ndi Herbert, anangotsala pang'ono kuphwanya kabotolo pakhoma.

"Zaundananso!" anakuwa ali yekha m'labu ya kemisitiri pa yunivesite ku Zomba.

"Chaundana n'chiyani achemwali, magazi?" Pakhomo panali pataima mnyamata wamtali, akumwetulira. Anali Herbert, wophunzira fizikisi, ndipo anabwera kudzabwereka sikelo.

"Golide," Sakina anayankha mokwiya. "M'madzimu muli timibulu ta golide tating'onoting'ono, toti maso sangatione. Ndikathiramo sipiriti pang'ono timasonkhana m'timagulu, ndipo madziwo amawala ngati lalanje ndikawaunika ndi nyali iyi. Koma tikaundana mopitirira, timasanduka mwaye n'kudikha pansi. Taonani! Sabata yonse yapita pachabe."

"Ndiye nkhope yokongola chonchi izikwinyika chifukwa cha mwaye?"

Sakina sanafune kuseka, koma anaseka.

Kuyambira pamenepo Herbert sankasowa m'labumo. Ankatsuka timabotolo, ankabweretsa mandasi, ndipo Loweruka ankakwera naye kuphiri, komwe ankadya masitiroberi atakhala m'mbali mwa damu.

"Saki wanga, mtima wangawu ndaukhoma, kiyi ndakupatsa iwe," ankatero. "Ndikadzakunamiza, phiri ili lidzandigwere."

Ndani akanakayika? Sakina anafika pokangana ndi mayi ake ku Mbedza, omwe sankafuna n'kumva komwe za mkamwini wosalowa mumzikiti.

"Amayi, simukumudziwa. Ndi munthu wachilungamo," ankawauza.

Koma golide yekhayo ndiye sankamumvera. Akachepetsa sipiriti, madzi sankawala. Akaonjezera, mwaye! Magetsi akathima furiji inkatentha, zonse n'kuonongeka. Anavutika miyezi isanu ndi iwiri kufikira atapeza muyezo woyenera. Timabotolo khumi ndi tiwiri tinawala bwinobwino.

A Dokotala Yunus, omwe ankayang'anira kafukufuku wake, anagwedeza mutu mokhutira, kenako anati: "Kuwala kokha sikokwanira, Sakina. Tiyenera kudziwa kukula kwa timaguluti. Makina oyezera kuno kulibe, ndipo popanda manambala amenewo sindingasainire pepala lako. Disembala ndiye malire."

Mwayi wake, mwezi wa Ogasiti womwewo Herbert ankapita ku Joni kukaphunzira miyezi inayi, kusukulu yomwe inali ndi makinawo.

"Ndipatse ine timabotoloto, wapamtima," anatero. "Ndikatinyamula ngati khanda."

Sakina anatiika m'kabokosi kozizira, nalemba dzina lake ndi nambala ya foni pachivundikiro, n'kumupatsa pamodzi ndi makalata onse ofunika pabwalo la ndege.

"Tiyezedwe masabata atatu asanathe, Herbert. Kupitirira apo tiundana."

"Ukundikayikira? Tsiku lomwe ndikafike, ndikayambira kumakinako."

Patatha masiku khumi uthenga unabwera: "Ndayeza zonse, duwa langa. Zotsatira zili ndi a pulofesa akuno. Ndakusowa mpaka chakudya sichikulowa."

Sakina anavina yekhayekha m'labu. Koma Seputembala anatha opanda kanthu.

"Zotsatira zija bwanji?" analemba.

"A pulofesa apita ku msonkhano, bebi. Sabata yamawa."

Sabata yamawayo itakwana, akuti kompyuta yafa. Kenako akuti wosunga makiyi akudwala. Uthenga uliwonse unkatha ndi timitima tofiira. Timitima akanatilemba m'pepala lake? Akanatipereka kwa a Dokotala Yunus, omwe tsopano ankangomuyang'ana pamwamba pa magalasi?

"Ungojambula pepala la zotsatiralo ndi foni basi!" anamukalipira tsiku lina.

"Saki, ine ndikuvutikira iwe kuno, iwe ukundikalipira?"

Mapeto ake wopepesa anali Sakina.

Lachinayi lina mu Novembala, dzuwa likuswa mtengo, foni yake inalira. Nambala inali yachilendo, mawu achizimayi.

"Ndinu a Sakina Stambuli? Ine ndine Yvonne, ndili ku Chikamveka. Ndapeza katundu wanu kuno."

"Katundu wanji?"

"Kabokosi kabuluu. Pali dzina lanu."

Sakina anakwera kabaza nthawi yomweyo. Nyumba anaidziwa, inali ya Herbert, ngakhale iye sanalowemo chiyambire. Herbert ankati a landilodi ake ndi ovuta, salola alendo achikazi.

Pakhonde panali mtsikana woyembekezera, atamanga chitenje pamwamba pa mimba, tsache lili m'manja.

"Pepanitu, ndimakonza m'chipinda poti mwana ali pafupi," anatero Yvonne mwaulemu. "Kanali pansi pa bedi. Bambo akunyumba anati sutikesi yalemera, ndiye anakasiya. Anati n'zamnzawo wa kusukulu, zilibe changu."

"Bambo akunyumba?"

"A Herbert. Chinkhoswe tinachita chaka chatha ku Malosa. Kodi simukudziwa? Anzawo ambiritu anabwera."

Sakina anagwada n'kutsekula kabokosiko. Tepi yomwe anamata yekha inali isanamatulidwe. Anatulutsa kabotolo koyamba n'kukayang'anitsa padzuwa. Madzi anali mbee, pansi pali mwaye wakuda bii. Kachiwiri chimodzimodzi. Anatulutsa tonse khumi ndi tiwiri, kamodzikamodzi, ngati kuti kena kangamuchitire chisoni.

Miyezi isanu ndi iwiri! Mkangano ndi mayi ake! Kupepesa konse kuja!

"Achemwali, mukulira? Zaonongeka?" Yvonne anafunsa ndi nkhawa. "Ndikanadziwa ndikanaimba kale."

Sakina anayang'ana mimba ija, nayang'ana nkhope yosalakwayo. Pomwepo foni yake inanjenjemera.

"Nkhani yabwino, mkazi wanga wam'tsogolo! Zotsatira ndaziona ndi maso angawa, n'zokongola ngati iwe. Lolemba ndikutumizira. Ndimakukonda, Saki."

Anauwerenga kawiri. Kenako anapukuta misozi ndi nsonga ya mpango wake, nandandalika timabotolo tonse pakhondepo.

"A Yvonne, taimani apa pang'ono, pafupi ndi kabokosika."

Anajambula chithunzi n'kuchitumiza popanda liwu lililonse. Timizere tiwiri tapauthengapo tinasanduka tabuluu, kusonyeza kuti Herbert wachiona. Pamwamba panaoneka kuti Herbert akulemba. Anasiya. Anayambanso kulemba. Anasiyanso.

Kenako foni ya Yvonne inayamba kulira m'nyumba.

"Ndi bambo amenewo," anatero Yvonne akumwetulira, akutembenuka kuti akayankhe.

Sakina anamugwira dzanja.

"Isiyeni ilire. Khalani pansi kaye, achemwali, muwerenge izi."

Ndipo anamupatsa foni yake.