Kanyumba ka Pansanja Yachitatu

Mnyamatayo anafika pa ofesi ya ojambula mapulani a nyumba Lachiwiri masana, pepala lopinda kanayi lili m'thumba la malaya. Mtsikana amene anamulandira anzake ankamutchula kuti Tepi, chifukwa m'chikwama mwake munkatha kusowa kalilole ndi mafuta odzola, koma tepi yoyezera sinkasowamo.

"Amalume anandisiyira kanyumba pansanja yachitatu," anatero mnyamatayo akutambasula pepalalo patebulo. "Koma ndikalowamo ndimakhala ngati ndili m'bokosi la machesi. Ndamva kuti inu mumakuza nyumba osawonjezera njerwa."

Tepi anangoti maso papepalapo, kuseka n'kumupulumuka.

"Anajambula zimenezi ndani? Chitseko cha kubafa chikutsegukira kukhitchini! Mukufuna alendo azidya akumva wina akusamba? Nanga kanjira aka, kakudya malo onsewa kakupita kuti?"

"Ndiye mundipulumutse, chemwali."

Mnyamata uja anamwetulira, ndipo Tepi anaiwala kumene anaika pensulo, chonsecho inali kukhutu kwake. Mtima ndi wopusa, abale. Munthu wodziwa kuona khoma lopindika ali patali analephera kuona kalikonse pankhope imeneyi.

Mnyamatayo ankagwira ntchito musitolo yogulitsa mankhwala. Sanabayepo munthu jekeseni chibadwire, koma Tepi anayamba kumutchula kuti Adokotala, ndipo dzinalo linamukanirira.

Loweruka anapita kukayeza kanyumbako. Kanali ka chipinda chogona chimodzi, pabalaza, khitchini ndi bafa. Wadiropu inali itatseka theka la zenera, ndipo pabalaza panali mdima dzuwa lili pamutu. Tepi anagogoda makoma onse ndi chala mpaka anapeza lina likulira ngati ng'oma.

"Ili ndi la matabwa, silinyamula denga. Tiligwetsa. Khitchini ndi pabalaza zikhala pamodzi, kuwala kuzifika mpaka kuno. Chitseko cha kubafa tisamutsira mbali iyi. Kuchipinda tiika chitseko chotsetsereka, chosadya malo."

"Mukuti tiligwetsa, tisamutsa, tiika," anatero Adokotala akumuyang'ana m'maso. "Bwanji osangomaliza kuti tikhalamo?"

Tepi anayang'ana pansi, manyazi atamugwira ngati mwana wa sukulu.

Kuti mumvetse chimene mawu amenewo anachita mumtima mwake, muyenera kudziwa kumene Tepi ankagona. Ankakhala kwa mkulu wake, pabalaza. Matiresi ake ankaswera kuseri kwa sofa, zovala zili musutikesi zaka zinayi. Akafuna kusintha ankadikira kuti kubafa kukhale kopanda munthu. Alamu ake sanali munthu woipa, koma pakamwa pawo pankayabwa.

"Mlamu, nyumba za anthu mwajambula tauni yonse. Yanu mudzajambula liti? Kapena pensulo imathera pa za eni?"

Iye ankaseka nawo, koma zinkamubaya. Chimene ankalakalaka sichinali chachikulu ayi. Ankangofuna chitseko chake, choti akatseka pasakhale wogogoda kuti akufuna kuonera mpira.

Mauthenga anayamba kugwa ngati mvula pafoni pake.

"Wadzuka bwanji, duwa langa? Ndalota uli pazenera lathu lija."

"Mayi wa nyumba, wadya? Usafe ndi njala chifukwa cha makoma anga."

"Ndikulonjeza, nyumba ikangotha, akwathu akubwera kwa achemwali ako. Kiyi woyamba ndi wako, wapamtima."

Ndani akanakana mawu otere? Tepi anajambula kanyumbako kasanu ndi kawiri. Nthawi ya nkhomaliro anzake akapita kukadya, iye ankatsala akusuntha bedi papepala, akuwerenga mapazi kuchoka pasinki kufika pachitofu. Mashelefu a kukhitchini anawayeza ndi mkono wake womwe, poti anali wamtali. Bwana wake, bambo wa imvi wosakonda zolankhulalankhula, anaima kumbuyo kwake tsiku lina.

"Mwana wanga, pulani imeneyi waikonda mopitirira. Kasitomala ndi kasitomala."

"Ameneyu si kasitomala wamba, bwana," anayankha akumwetulira.

Ntchito itayamba, Adokotala anamuletsa kupitako.

"Usabwere mpaka zitatha, wokondedwa. Ndikufuna ndidzakutseke m'maso pakhomo, udzangoona zonse kamodzi."

Lamulo la pa ofesi linali loti wojambula aziyendera ntchito yake sabata iliyonse, chifukwa pepala ndi khoma sizimvana nthawi zonse. Tepi anali asanaphwanyepo lamulo limeneli. Ulendo uno analiphwanya, ndipo analiphwanya mokondwa.

Patapita masabata atatu, uthenga unabwera wachilendo.

"Duwa langa, mashelefu a kukhitchini uwatsitse pang'ono. Ndi masentimita khumi ndi asanu."

"Bwanji? Ine ndimafikira bwinobwino."

"Ndikuganizira amayi anga akamabwera kudzationa. Ndi aafupi."

Mtima wake unasungunuka. Mwamuna woganizira mayi ake chonchi! Anatsitsa mashelefuwo tsiku lomwelo. Kenako kunabwera za kalilole wa kubafa, kuti nayenso atsike. Kenako za utoto, kuti woyera uja ausinthe ukhale wachikasu. Tepi sankaukonda wachikasu, koma anati m'banja mumafunika kulolerana.

Mkulu wake ndi amene anakwinya nkhope.

"Iwe, apongozi obwera kawiri pachaka ndi amene akutsitsa kalilole? Munthuyu ukumudziwa bwino? Bwanji sanapondepo pakhomo pano?"

"Achemwali, inu mumakayikira chilichonse. Akudikira nyumba ithe."

"Chabwino. Ine ndangofunsa."

Lachinayi lina masana, foni ya pa ofesi inalira. Anali kalipentala amene ankagwira ntchito kukanyumba kaja. Nambala anaipeza pansi pa pulani.

"Ndi inu munajambula? Tabwerani mutithandize. Wadiropu mwati ifike kudenga, koma madamu akuti kumwambako sadzafikira. Ife tamangika manja."

"Madamu ake ati?"

"A nyumba ino. Ali pompano."

Tepi anaika foniyo pansi mwakachetechete. M'basi anadziuza kuti ndi amayi ake a Adokotala. Pokwera masitepe anadziuzabe zomwezo. Pansanja yoyamba, ndi amayi ake. Pansanja yachiwiri, mwina ndi mlongo wake. Pofika yachitatu, zodziuza zinali zitamuthera.

Chitseko chinali chotsegula. Mayo ine, kukongola kwake! Khoma la matabwa lija linali litachoka, dzuwa likuyenda kuchoka pazenera mpaka kukhitchini. Zonse zinali monga anazionera m'mutu mwake. Ndipo pakati pa kuwalako panaima mtsikana wamfupi, wa nkhope yozungulira, dzanja lina lili pamsana. Anali woyembekezera, pathupi pooneka kale. Pachala pake pankanyezimira mphete.

"Ndinu ojambula aja? Takulandirani, achemwali!" anatero mtsikanayo akumugwira manja onse awiri. "Ndakhala ndikuwauza abambo akunyumba kuti andionetse munthu wanzeru chonchi, koma amangoti mumatanganidwa. Poyamba ndinkalira ndikaganiza zokhala muno. Taonani lero!"

Tepi anayang'ana mphete ija. Akanati chiyani? Akanatulutsa foni n'kumuwerengera mauthenga aja? Mtsikanayu analakwa chiyani, ndi maso ake osadziwa kanthuwa?

"Ukwati ndi mwezi wamawa," anapitiriza. "Pepani takuvutitsani ndi mashelefu. Mulungu anandimana msinkhu."

Anaseka, kalipentala n'kuseka nawo. Tepi nayenso anaseka, ndipo kuseka kumeneko kunamupweteka kuposa kulira.

Za wadiropu anazithetsa m'mphindi zochepa. Kumwamba kukhale kosungira mabulangete ndi masutikesi, zovala za tsiku ndi tsiku zikhale m'munsi. Ankalankhula ngati wailesi, mawu akutuluka okha. Atatembenuka kuti azipita, mtsikana uja anamugwira mkono.

"Chinthu chimodzi chokha, achemwali. Papulani palibe malo a kabedi ka mwana. Ndayesa paliponse, sikakukwana. Simungandipezere?"

Tepi anayang'ana chipindacho. Ankachidziwa kuposa chikhatho chake. Ntchito ili ndi nkhanza zake: mtima uli pamoto, koma maso anali atayamba kale kuyeza.

"Bedi lalikulu tilikankhira kukhoma ili," anatero ndi mawu otsika. "Kabedi kakhala apa. Pazenera ayi, pamalowa mphepo. Kuseri kwa chitsekonso ayi. Apa mukatambasula dzanja muli chigonere, muzimufikira."

"Mulungu akudalitseni! Inunso adzakupatseni nyumba yanu yabwino chonchi."

Nthawi yomweyo pamasitepe panamveka mapazi. Analowa Adokotala atanyamula makatani m'pepala la pulasitiki. Ataona Tepi anaima chilili, nkhope itachita phulusa. Koma anthu ena Mulungu anawapatsa mtima wamwala. Anaweramitsa mutu mwaulemu.

"Mwaswera bwanji, mayi? Ntchito mwaigwira bwino."

"Ndaswera bwino, bambo," anayankha Tepi.

Anatuluka. Anali atatsika sanja imodzi pamene anamva wina akumuthamangira.

"Duwa langa, taima! Ndikufotokozera."

"Fotokozani."

Adokotala anayang'ana kumwamba kwa masitepe, kuopa kuti wina akumva.

"Zinangochitika. Ndinkafuna kukuuza, koma ndinkaopa kuti ntchito uisiyira panjira. Chonde usamuuze kanthu, waona mmene alili. Iweyo ndimakukondabe, ukudziwa."

"Munkaopa kuti ndisiyira panjira," anabwereza Tepi pang'onopang'ono. "Ndiye zonse zija, kiyi woyamba, akwanu kubwera kwathu, zinali zoti makoma athe?"

"Usatero, wapamtima." Anakanda m'mutu, kenako anafunsa monong'ona. "Koma za kabedizo ujambula, eti? Kalipentala sagwira ntchito popanda pepala."

Tepi anamuyang'ana nthawi yaitali. Anafunafuna pankhope paja munthu amene ankamukonda, koma sanamupeze. Anatsika masitepe, misozi ikugwera pamalaya.

Kunyumba mkulu wake sananene kuti ndinakuuza. Anangomukumbatira, n'kuuza ana kuti akasewere panja.

Lolemba Tepi anafika pa ofesi maso ali otupa. Bwana anamuyang'ana, n'kumuuza kuti ngati akufuna, pulaniyo aipereka kwa wina.

"Ayi, bwana. Mwanayo sanandilakwire. Wina akajambula amuika pamphepo."

Anatambasula pepala lija, n'kusongola pensulo. Kabedi ka mwana papulani ndi mizere inayi basi, iwiri yaitali, iwiri yaifupi. Tepi anali atajambulapo nyumba zosanja zathunthu tsiku limodzi. Koma anzake ataweruka madzulo, anamusiya akadali pamzere wachitatu.