Alendo Anakonda Moto

Mlendo aliyense wolowa m'nkhalango ya nyama ya Chamlombwa ankavekedwa chibangili pa chipata. Chinali chopepuka ngati tsamba, koma chinkamva zonse: mtima ukathamanga, thukuta likatuluka, mpweya ukaima poona njovu. Mlendo akasangalala chibangili chinkabiriwira, akatopa chinkatuwa. Pobwerera, zibangili zonse ankaziika m'beseni lagalasi, ndipo kompyuta ya mu ofesi inkayamwa zimene mitima yamva tsikulo. Dzina lake lenileni linali lalitali. Anthu a m'midzi yozungulira ankangoti Chimtima.

Kukacha, Chimtima chinkatulutsa dongosolo: msewu woti utsegulidwe, dziwe loti lipoperedwe madzi, malo oti apume kuti asaguge ndi matayala. Ogwira ntchitoyo anali atombolombo, tindege topanda woyendetsa tinayi kapena tisanu pa mtengo uliwonse waukulu. Zaka zoyamba zinthu zinayenda, tisaname. Misampha inatha, nyama zinaswana.

Eneleti ndiye ankapukuta zibangilizo ndi kuziika m'beseni. Sukulu analekezera sitandade 5, koma mitundu ya zibangili ankaiwerenga kuposa onse. Ankadziwa kuti alendo amanena kuti amakonda mbalame, pomwe mtima wawo umadumpha ndi mkango basi.

Chimene chinkamusowetsa mtendere ndi denga. Linkadontha pamwamba penipeni pa mphasa ya Mwatitha, mwana wake wa zaka ziwiri, amene chaka chatha mvula itayamba anagonekedwa kuchipatala ndi chifuwa. Kale, chaka chilichonse nkhalango inkatsegulidwa sabata imodzi kuti amayi amwete udzu wofolera. Kunja kwa mpanda kunalibenso udzu, paliponse panali minda. Koma ichi chinali chaka chachitatu Chimtima chitachotsa sabata imeneyo, ndipo mwezi wa Okutobala unali utafika pakati.

Tsiku lina masana Eneleti anawatsekera njira a Chimbalanga, oyang'anira nkhalango, akutuluka mu ofesi.

"Bwana, nkhani ija."

"Amake Mwatitha, mwayambanso? Ndinakuuzani, si ine."

"Nanga makiyi a chipata ali m'thumba mwa ndani?"

"Makiyi ndili nawo, koma dongosolo sindiligwira. Akuluakulu a bungwe kumzinda analitseka. Kusintha mzere umodzi mpaka akhale pansi, masabata awiri. Ngati mukufuna, lowani mufunse nokha."

Eneleti analowadi. Anaima patsogolo pa khoma lowala limene Chimtima chinkalembapo dongosolo, osadziwa poyang'ana.

"Iwe Chimtima, udzu wathu watilanda chifukwa chiyani?"

Mawu anatuluka odekha, a munthu wosakwera phiri. "Mwa alendo khumi, asanu ndi atatu zibangili zawo zimatuwa akaona anthu m'nkhalango. Amabwera kudzaona malo opanda munthu."

"Ndiye ife ndife zinyalala?"

"Sindinatero. Komanso udzu wautali alendo amaukonda pa zithunzi."

"Udzuwo waunjikana zaka zitatu. Amayi athu ankamweta motsata mizere, kuyambira ku mtsinje mpaka ku Dambo la Kachere. Ukuganiza ankasewera? Moto ukafika pomwetedwa unkaima."

"Zimenezo sizinalembedwe paliponse."

"Akanalemba ndani, poti manja onse awiri anali ndi mtolo?"

A Chimbalanga anaseka ali pakhomo, kenako anadzigwira. Chimtima chinati atombolombo ali ndi madzi okwanira kuzimitsa moto uliwonse, ndipo chinamuthokoza chifukwa cha maganizo ake. Eneleti anatuluka akutukwana chamumtima.

Moto unabuka Lolemba dzuwa lili pamutu. Palibe amene anadziwa chiyambi chake. Mphepo inautenga kuchokera kumadzulo, ndipo malawi anatalika kupitirira mitengo ya misuku. Atombolombo anathamangira ndi timadzi tawo, ena anasungunuka ali m'mwamba n'kumagwa ngati zipatso. Eneleti anaona mbawala zikudzimenyetsa pa mpanda, nkhanga zikuuluka nthenga zikufuka. Alendo makumi atatu anawasonkhanitsa pa khonde lalitali la nyumba ya alendo, pamene moto sukanafika. Anaima pamenepo maola anayi, ena akulira, ena akujambula. Mphepo itatembenuka, theka la nkhalango linali phulusa. Udzu unatsala mbali imodzi yokha, ku Dambo la Kachere.

Alendo anavula zibangili. Eneleti, maso akuwawa ndi utsi, anazipukuta n'kumaponya m'beseni mosayang'ana, maganizo ali ku dambo lotsalalo. Anazindikira atagwira chomaliza. Chinali chobiriwira kwambiri, kubiriwira kumene sanakuonepo ngakhale tsiku limene mkango unagwira njati pamaso pa galimoto. Anasuzumira m'beseni. Zonse zinali choncho.

Anapisa manja onse awiri kuti azivuule, koma beseni linali litalira kale kuti lamaliza.

Mmawa a Chimbalanga anamuitana okha. Anali asanamete, malaya a dzulo omwewo. Anangoloza pakhoma.

"Werengani."

"Bwana, mukudziwa kuti ndimachedwa."

Anamuwerengera. "Lachisanu, 3 koloko masana. Moto ku Dambo la Kachere. Alendo akhale pa khonde. Atombolombo khumi atenge mafuta."

"Mwachifunsa?"

"Ndachifunsa. Chikuti mitima siinasangalalepo chonchi chitsegulireni nkhalango. Chikuti phulusa ndi labwino ku nthaka, msipu udzaphuka."

"Munthu akamaona ngozi mtima umathamanga, bwana. Ngakhale ine unathamanga."

"Chibangili sichisiyanitsa."

"Ndiye zimitsani chinthuchi!"

"Ndikazimitsa, mpanda wamagetsi uzima nawo. Njovu zamantha zija zikagona m'minda mwanu. Kumzinda ndaimba, akuti akumana pa 3 mwezi wamawa." Anakhala pansi, n'kuimiriranso. "Nyama zonse zothawa moto zili m'dambo limenelo."

Eneleti anayenda kufika pa zenera, n'kubwerera. Anayang'ana khoma lija.

"Iwe Chimtima, ukapeza palibe udzu, uyatsa chiyani?"

"Popanda udzu wokwanira, moto suchitika."

Anatembenukira kwa a Chimbalanga n'kutambasula dzanja. "Makiyi aja."

"Mundichotsetsa ntchito, mayi inu."

"Lachisanu mudzaigwira pa phulusa ntchitoyo."

Anamupatsa.

Pofika masana amayi a midzi inayi anali atalowa ndi zikwakwa, ana kumbuyo. Anawatsogolera a Nabiyeni, azakhali ake a Eneleti, amene ankakumbukira podutsa mizere yakale. Anagawa anthu, ena kumtsinje, ena kumtunda, n'kulamula kuti pakati pa dambo asiye zitsamba zoti nyama zibisalemo.

"Iwe Eneleti, kumweta kumeneko kapena ukupesa tsitsi? Mu ofesi mwakufewetsa manja!"

"Zakhali, inu pakamwa pokha mwamweta kale mitolo khumi."

Anamweta Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi, osapuma mokwanira, maso akuponya kumwamba. Udzu wa zaka zitatu unali wolukana pansi, wodzaza nkhupakupa. Manja anatuluka matuza, matuza anaphulika. Magalimoto a alendo ankadutsa pang'onopang'ono. Mayi wina wachizungu anatsika n'kupempha kusenza mtolo, anayenda nawo mapazi asanu n'kugwa nawo, amayi onse kuseka. Koma zibangili zambiri zimene Eneleti ankapukuta akaweruka kudambo zinali zotuwa.

Lachisanu 3 koloko atombolombo khumi anafika ndi mafuta awo. Anazungulira dambo kawiri, katatu, anthu ali chiimire ndi zikwakwa m'manja. Kenako anabwerera.

Loweruka amuna ake a Eneleti anakwera padenga, iye akuponya mitolo. Mudzi wonse unali pamadenga tsiku limenelo. Lamulungu kunagwa kamvula koyamba, ndipo mphasa ya Mwatitha inakhala youma. Eneleti anaigwira kangapo kuti atsimikize.

Lolemba mmawa akusesa pabwalo anamva kulira kwa mapiko. Tombolombo mmodzi anali ataima m'mwamba pamwamba pa denga latsopano, diso lake loyang'ana pansi. Anakhala pamenepo kanthawi, n'kusunthira pa nyumba ya a Nabiyeni, kenako pa yotsatira. Atombolombo anali asanadutsepo mpanda chiyambire.

Eneleti anabereka mwana kumbuyo n'kuthamangira ku ofesi.

"Bwana, chikufuna chiyani kumudzi?"

A Chimbalanga sanamuyang'ane. "Chinandifunsa kumene udzu wapita. Sindinayankhe, ndiye chatuma wokaona."

"Kuti chitani nawo?"

"Chikungowerenga. Sichingayatse kunja kwa mpanda, malamulo ake salola."

"Nanga kudutsa mpanda malamulo ake amalola?"

A Chimbalanga anatembenukira pa zenera. Panja galimoto ya alendo atsopano inali itaima pa chipata, manja atatambasulidwa kale kudikira zibangili. Mmodzi ankafunsa mlonda ngati moto uja udzachitikenso sabata ino.

Eneleti anamangitsa nsalu ya mwana n'kuyamba ulendo wobwerera kumudzi, kukauza amayi kuti pasakhale mbiya yopanda madzi. Kuchokera pa chipata mudzi wonse unkaoneka bwinobwino, madenga atsopano akuwala ndi dzuwa. Anazindikira kuti ngakhale kuchokera pa khonde la alendo unkaonekanso chimodzimodzi.

Makina aja sanadane ndi munthu aliyense, anangophunzira zimene mitima yathu imachita tikamaonerera tsoka la ena tili pamalo otetezeka.