Manja Onunkha Polishi

Dzuwa linali litapendeka kuseri kwa mapiri a ku Chisepo pamene Lidia ndi mwana wake Peggy ankamaliza kusoka fodya m'chigafa. Fodya amadetsa manja, aliyense amadziwa. Koma Peggy atatambasula dzanja kuti alandire chingwe, mayi ake anaona zikhatho zoyera mbuu, zosupuka, mawondo atachita zikang'a ngati a munthu wokwawa.

"Wagwira chiyani iwe?"

"Palibe, amayi."

"Nanga fungoli?"

Linali fungo la polishi wofiira, uja amapaka pansi m'nyumba za mabwana. Polishi m'nyumba yozira ndi dothi! Fungolo Lidia ankalidziwa. Ndi lomwe linadzaza m'nyumba ya siwa tsiku limene ankasambitsa mtembo wa Loyce.

Loyce, mtsikana wa kwa a Obadiya, anayamba chimodzimodzi. Ankagona wamphamvu, n'kudzuka wolefuka ngati walima ganyu. Kenako anayamba kubwebweta zilankhulo zachilendo kutulo, mwana woti sanapitirirepo pa Mponela. Aphunzitsi ochokera ku Rumphi anati zina n'Chitumbuka. Mburundi wa golosale pamsika anati zina n'Chiswahili, ati akupepesa kuti waswa kapu. Zotsalazo anthu ankangoti n'Chimwenye. Loyce anatha pang'onopang'ono ngati sopo, ndipo adzukulu ankanong'onezana kuti bokosi lake linapepuka ngati muli mapesi. Atsikana ena anatsatira, onse manja oyera, onse fungo lomwelo.

Mudzi ukamafuna mfiti umayambira pa mlendo. Anamuotchera golosale Mburundi uja, munthu amene tchimo lake linali kumasulira, nathawa ndi ana ake. Fungo silinathe.

Pamaliro onsewo mabokosi ankagula ndi mayi Judith, mwana wa m'mudzi momwemo amene analemera ku Lilongwe popezera mabwana antchito a m'nyumba. Ndi iwonso anafolera tchalitchi ndi malata. Galimoto lawo likatulukira pamtunda, amayi ankaimba nthungululu mpaka kusasa mawu.

Peggy atayamba kubwebweta, Lidia anasowa mtendere. Mwana anali yekhayu, ena onse anagona kale kumanda. Anaganiza momwe akanaganizira mayi aliyense wa m'mudzimo: amuchotse mwanayu pakati pa afiti, akamusiye m'manja mwa mayi Judith, kutauni kumene magetsi sapatsa mdima malo.

Anafika mu Lilongwe dzuwa lili paliwombo. Lidia anangoti kakasi. Mipanda yaitali ya waya pamwamba, maluwa akumwa madzi a m'paipi, kunja kwake amayi atakhala pafumbi kudikira ganyu wochapa. M'magalimoto munkadutsa amwenye, azungu, Matchaina, ndipo palibe anamupatsa moni. Lidia akufunafuna womufunsa njira, Peggy anamukoka chitenje.

"Tikhote apa, amayi."

"Wadziwa bwanji?"

"Kaya."

Pageti lakuda panatuluka chigalu chonga mwana wa ng'ombe. Lidia anakuwa, koma chinam'dutsa, chikugwedeza mchira, n'kukanyambita manja a Peggy. Mlonda, nkhalamba yolankhula Chichewa chokokera ku Chiyao, anamuyang'ana mtsikanayo modabwa.

"Iwe, lero wabwera masana?"

Lidia anasuzumira m'kati. Pakhonde panagwada mtsikana akupukuta pansi, mutu uli pansi. Chitenje chimene anavala, Lidia anachizindikira msanga, pakuti anakulunga nacho mtembo ndi manja ake.

"Loyce!"

Mtsikanayo anatukula nkhope, natsegula pakamwa. Munalibe lilime.

"Achemwali, takulandirani," anatero mayi Judith akutsika pamasitepe, akumwetulira monga ankachitira kutchalitchi. "Mwachita bwino kundibweretsera nokha. Zoyenda usikuzi zimawafooketsa anawa, sachedwa kutha."

Lidia anagwira dzanja la Peggy mwamphamvu, nayamba kukoka. Dzanjalo linali loterera, ndipo linapulumuka ngati mlamba.

"Tiye, mwanangu! Tithawe!"

"Ndisiyeni, amayi," anatero Peggy, maso ali gwa. "Mbale za kwa amwenye sindinatsuke."

Geti linatsekeka, Peggy ali m'kati. Lidia analimenya mpaka zala kuchucha magazi, akulira mokweza, koma mumsewu wa mabwana kulira kwa wosauka n'phokoso chabe. Alonda a nyumba zoyandikana anam'kankhira kumsewu waukulu.

Atabwerera kumudzi, Lidia anafotokoza zonse, khomo ndi khomo. Ena anati nsanje, ena anati mutu wazungulira ndi magalimoto. Lamulungu lotsatira, kutchalitchi analengeza kuti mayi Judith atumiza simenti, anthu naomba m'manja. Potuluka, mkazi wa a Obadiya, mayi ake a Loyce, anam'gwira Lidia paphewa, misozi ikulengeza.

"Mukuliranji inu? Mwana wanu wapeza ntchito m'tauni. Wanga akanakhala ndi mwayi umenewo, bwenzi ali moyo."