Chala cha a Custodio

Nkhani iyi sindinaitole m'basi. Inamuchitikira Agripina, amake a Joana, amene lero timathyola naye tiyi mzere umodzi kuno ku Honde. A Ezekieli, mkulu wa mpingo, akadali moyo ku Chipinge, wofuna kutsutsa akawafunse yekha. Ine nthawi yokometsera nkhani ndilibe, ndili ndi ana ofuna kudya.

Chinali chaka cha 1993. Agripina ankagwira ntchito kwa loya wina, a Chenjerai, kuseri kwa masitolo a pafupi ndi pokwerera mabasi ku Chipinge. Ofesiyo inali dzina chabe: zipinda ziwiri, benchi, kabati ya mafailo, ndi makina otaipira okalamba amene ankakanirira pa mzere uliwonse. Anamulemba ntchito chifukwa cha pakamwa pake. Anthu a m'makomboni a m'maesiteti ankabwera ndi Chinyanja chawo, ena ndi Chisena, pamene a Chenjerai ankangomva Chishona ndi Chingerezi. Ndiye Agripina ankamasulira, ankataipa, ankasesa, tiyi ankaphikanso yemweyo. Mwamuna wake anali atalowera ku Joni osacheukanso, kumusiyira ana anayi.

Zaka zimenezo uloya wa m'tauni yaing'ono unali utayamba kuwawa. Makampani akuluakulu a maloya a ku Mutare anali atafika ndi makompyuta awo ndi fakisi, ndipo milandu yonona ya maesiteti ndi eni masitolo inathawira konko. Pakhomo pa khothi pankaima amuna a masuti, okopa anthu asanatsike nkomwe m'basi. A Chenjerai, loya mmodzi wopanda mnzake, anayamba kuthamangitsa milandu kulikonse kumene yanunkhira. Lolemba ali ku Mutare, Lachitatu ali kuno ku Honde. Mu ofesi ankaonekamo Lachisanu, maso ali psu, nsapato zili fumbi lokhalokha.

Chimene chinkachititsa kuti chitseko chisatsekedwe ndi makalata olumbira. Munthu wa m'komboni akafuna kalata ya kubadwa ya mwana wake, ankayenera kulumbira pamaso pa loya kuti mwanayo ndi wake, nkudinda chala, loya nkusaina ndi kumenya chidindo. Pansi pa pepala lililonse panali mawu akuti munthuyu waonekera pamaso panga ndipo walumbira. Koma maso a loyawo amakhala ali ku Mutare. Ndiye anapeza nzeru yawo. Lachisanu lililonse ankasaina mulu wa mapepala opanda kanthu, kuwamenya chidindo, nkuwasiya m'dirowa.

"Mai Joana, inu muzingodzaza. Munthu akabwera, taipani, adinde chala, azipita."

"Nanga akadzafunsa ngati munamuona?"

"Adzafunsa ndani? Anthu a m'komboni alipo amawafunsira?"

Agripina anangotseka dirowa. Ntchito inali ntchito.

Lachiwiri lina mu Juni kunagwa guti, kamvula kankhungu kaja makolo athu ankati chiperoni, kamene kamakunyowetsa osaona dontho. Anali masana enieni. Pa benchi panalibe munthu chiyambire m'mawa, ndipo Agripina ankasoka yunifolomu ya Joana pansi pa tebulo. Chimene anayamba kuzindikira ndi bata. Malo aja sankakhala chete, makondakitala ankakuwa za ku Mutare mpaka madzulo, mahutala, mawilibala, wailesi ya m'sitolo. Tsiku limenelo zonse zinangoti zii, ngati wina watseka chivindikiro. Kunatsala madzi a padenga odonthera m'chitini pakhonde. Tho. Tho. Pakhomo anaona linthumbu litadutsa mzere wakuda kuchoka mbali ina kufika ina, osalowa m'nyumba.

Kenako fungo. Masamba a tiyi onyowa amene agona m'thumba, ndi dothi lofiira longokumbidwa kumene.

Atadzutsa mutu, pa benchi panali bambo. Chitseko sanachimve.

Anali wachikulire, woonda, atavala jekete lakuda la kutchalitchi lowakulira m'mapewa. Analibe chipewa, analibe nsapato. Panja pali chinyontho chotere, jeketelo linali louma. Mapazi analibe matope.

"Mwaswera bwanji, bambo?"

"Taswera, dona. Gweta, loya uja, alipo?"

"Ali ku Mutare. Koma ndikuthandizani ine."

"Ndikudziwa kuti kulibe," anatero bambowo. "Nchifukwa chake ndabwera lero."

Mawu awo anali otsika, Chinyanja cha kale cha ku Milanje. Anati dzina lawo ndi Custodio, wothyola tiyi pa esiteti ina ya njira ya ku Mount Selinda. Chitupa anati chili ndi mkazi wawo, koma nambala anaitchula pamtima osaphonya. Agripina sanadabwe nazo, theka la anthu ankabwera choncho. Anati ali ndi mwana wamkazi, Hana, wa giredi seveni, ndipo aphunzitsi anena kuti popanda kalata ya kubadwa mayeso salemba.

"Ndinazengereza," anatero. "Chaka chilichonse ndinkati mawa."

Agripina anatsegula dirowa, natenga pepala la pamwamba. Anayamba kutaipa. Makinawo sanakanirire ngakhale kamodzi. Zala zake zinazizira mpaka m'mfundo. Bambowo sanatsokomole, sanasunthe phazi, benchi lija lolira munthu akangopuma silinalire. Atamaliza anawawerengera m'Chinyanja.

"Mukulumbira kuti izi nzoona?"

"Nzoona."

Anawagwira chala chachikulu cha kumanja, monga ankachitira ndi aliyense, nachidinda pa inki yapepo, nachigubuduza pa pepala. Chalacho chinali chozizira ngati mpopi wa m'mawa. Chinali cholemera. Sichinkamuthandiza, chinkangopita kumene wachipititsa.

"Mwazizidwatu, bambo."

"Ndazolowera."

Anatembenuka kuti atenge envulopu. Potembenukanso, benchi linali lopanda munthu. Hutala inalira. Kondakitala anakuwa. Agripina anatuluka pakhonde nafunsa telala amene ankasokera pamenepo.

"Sipanadutse munthu apa, mai. Chiyambire teni ndili pompano."

Pepala linali pa tebulo, chala chikadali chonyowa.

Mayi wa ana anayi alibe nthawi yochita mantha tsiku lonse. Analiika m'failo. Sabata inatha, yachiwiri inatha, wobwera kudzalitenga osaoneka. Agripina anaganizira za mwanayo, kuti Joana wake nayenso ali giredi seveni, ndipo analiphatikiza ndi mapepala ena nakalisiya yekha ku ofesi ya boma yolembera obadwa ndi omwalira. Kalaliki wa kumeneko anatsegula buku lake napeza dzina lomwelo, nambala yomweyo. A Custodio anamwalira ndi chifuwa mu Malichi. Kalata yolumbira inali ya mu Juni. Kalalikiyo anakanena ku polisi.

Lachisanu a Chenjerai anafika apolisi atadutsa kale. Anatseka chitseko ndi kiyi, natulutsa m'chikwama pepala limene anataipa okha. Linkanena kuti Agripina anaba chidindo, anaonera siginecha, nadinda chala chake chomwe.

"Sainani apa, Mai Joana. Ku khothi ndikakuimirani ndine. Miyezi isanu ndi umodzi basi, mwina itatu. Mukakana, bungwe la maloya lindilanda chiphaso, ofesi itsekedwa, tonse tikhala pamsewu."

"Miyezi itatuyo ana anga adzadya chiyani? Chiphaso chanu?"

"Musandichedwetse. Munthu wakufa salowa mu ofesi."

"Inu munasaina kuti munamuona. Ine ndinamuonadi. Wabodza ndani apa?"

A Chenjerai anakhala pansi. Ananena motsitsa kuti iwo anaphunzira zaka zambiri, kuti abale awo onse akuyang'ana iwo, kuti majisitireti adzakhulupirira loya osati mayi wa m'komboni. Chomalizachi chinali choona, ndipo Agripina ankadziwa. Cholembera anachikankhira kwa mwini wake.

Anagona masiku awiri m'chitokosi, ana ali ndi neba. Sajeni amene anagwira nkhaniyo, bambo wamkulu wa Chindau wotsala pang'ono kupuma ntchito, anamudinda zala zonse khumi, nadindanso za a Chenjerai. Anazitumiza kwa oyeza zala pamodzi ndi pepalalo, ndi zala zimene a Custodio anadinda kale potenga chitupa. Agripina anamutulutsa pa belo. Lolemba lililonse ankakaonekera ku polisi, ndipo Lamlungu lililonse ankawaphunzitsa ana kumene kuli ufa ndi mchere, ndi khomo limene angagogode iye akapanda kubwera.

Mu Ogasiti sajeni anamuitana, natseka chitseko.

"Chala si chanu, mai. Si cha gweta."

"Ndi cha ndani?"

"Cha mwini dzina."

Anati poyamba ankaganiza kuti bamboyo anadinda pepala lopanda kanthu asanamwalire. Koma m'munsi mwa pepalalo munali tizilembo ta osindikiza, tosonyeza kuti mapepalawo anasindikizidwa mu Meyi. Mu Meyi munthuyo anali ndi miyezi iwiri m'dothi.

"Chatsala nchimodzi," anatero sajeni. "Ngati wina anakumba manda, mlandu wanu wakula. Mawa tipita limodzi."

Manda a m'komboni anali kuseri kwa munda wa tiyi, pansi pa mitengo ya bulugama. Anawaperekeza ndi mayi Rosaria, mkazi wa malemuyo, ndi a Ezekieli, amene ankatsogolera maliro onse a mpingo wawo. Dzuwa linali litawala bwino. Fakitale inkalira patali. Sajeni anazungulira mtumbirawo kawiri, nagwada, nakoka udzu. Mizu inali yogwira. Dothi linali lolimba, mvula italiphwanya, dzuwa nkuliumitsa, popanda pamene khasu linakhudza.

Sajeni anatulutsa pepalalo m'failo nawaonetsa a Ezekieli. Iwo kuwerenga sadziwa. Anangoyang'ana chala chija, nthawi yaitali, kenako anavula chipewa.

"Mtembo ndinasambitsa ndine," anatero. "Ine ndi anzanga awiri. Chala ichi chinali ndi utoto umenewu."

"Liti?"

"Tsiku la maliro. Mu Malichi."

"Anadinda china chake ku ofesi ya esiteti," anatero sajeni.

"Ayi, bwana. Munthuyu anagona pamphasa kuyambira Khirisimasi, sanatuluke pakhomo. Dzulo lake ndinamugwira dzanja lomwelo popemphera, linali loyera. M'mawa titamuvula tinaupeza. Tinatsuka ndi sopo. Tinatsuka ndi parafini. Tikapukuta, unkabweranso wonyowa. Tinangomukulunga nawo."

Mphepo inagwedeza bulugama nkusiya. Sajeni anali atatsegula kabuku kake, cholembera chili m'manja. Anayang'ana mtumbira, nayang'ana pepala. Sanalembe kanthu. Anatseka kabukuko nakaika m'thumba.

"Pitani kwa ana anu, mai," anamuuza Agripina. "Lolemba musabwere. Musadzabwerenso."

Mayi Rosaria anasendera kwa Agripina namugwira chitenje.

"Achemwali, ankatsokomola?"

"Ayi."

"Bola." Anatembenukira kwa sajeni. "Nanga pepala la mwana?"

"Wakufa salumbira, mai. Pepalali likhala m'failo."

Hana mayeso sanalembe. Chaka chomwecho anayamba kuthyola tiyi pambali pa amake. A bungwe la maloya atabwera anapeza m'dirowa mapepala ena osainidwa kale, opanda dzina la munthu, ndipo a Chenjerai anawalanda chiphaso. M'zipinda zija tsopano amagulitsamo feteleza. Agripina sanapite kundende, ana ake sanagone ndi njala chifukwa cha nkhaniyi, koma palibe loya wa ku Chipinge kapena ku Mutare anafuna kumulemba ntchito. Ankaseka kuti mayiyo amabwera ndi makasitomala akeake. Nchifukwa chake ali kuno, dengu kumsana ngati ine.

Ndinamufunsapo kamodzi, tikudikira sikelo, kuti iye amati chinali chiyani.

"Anali bambo wofuna pepala la mwana wake," anatero. "Anadikira pa benchi ngati wina aliyense."

Mzere unasuntha, ndipo anasenza dengu lake.