Masamba a Msuku pa Mphambano

Linayambitsa zonse ndi thalauzi. Mwandida analipeza Lachiwiri m'mawa litakolekedwa kuseri kwa chitseko, lonyowa mpaka m'mawondo, lodzaza matope akuda a kudambo. Mvula inali itasiya miyezi iwiri yapitayo. Mwamuna wake Jairos Mbewe anagona naye dzulo lake, kapena tinene kuti anayamba naye tulo.

"Thalauzili lanyowa kuti, aMbewe?"

"Mame."

"Mame a matope?"

"Ndinakaona mapaipi kudamu. Usadzivute."

Jairos ankagwira ntchito yotsogolera alendo pa loji ya m'mbali mwa damu, m'tsinde mwa phiri la Kanjiwa, kum'mwera kwa Katete. Alendowo anali a ku Lusaka ndi akunja, anthu ovala mabuti okwera mtengo kudzakwera phiri lomwe amayi a m'mudzi amakwera ndi mapatapata pokatola nkhuni. Njira zonse anazilambula yekha ndi chikwanje. Yomaliza, yokwera pamwamba penipeni, anaimaliza mwezi womwewo, ndipo mwini loji anaumirira kuti idutse m'mphepete mwa nkhalango ya manda chifukwa kumeneko damu limatuluka bwino pa zithunzi.

Tsono Mwandida anali mkazi wolimbika, waukhondo, wophika ndiwo zonyambita nazo zala, koma nsanje yake inali yodziwika mpaka kuchigayo. Kwawo kunali ku Sinda. Anakwatiwa ndi Jairos mkazi woyamba, Ethel, atamwalira kale, ndipo sanamuonepo n'kamodzi komwe. Komabe atangolowa m'nyumbamo anatentha zitenje zonse za malemuyo, chithunzi chake n'kuchiponya m'chimbudzi, dzina lake n'kuliletsa pakhomopo. Zomwe zinamukanika zinali ziwiri. China chinali mtengo wa ndimu umene Ethel anabzala pabwalo, womwe Jairos anakana kudula. China chinali chitseko. Chitsekocho chinali ndi khalidwe lake: unkayenera kuchinyamula pang'ono ndi bondo, kenako n'kukankha. Alendo ankalimbana nacho mpaka kuchita manyazi, ndipo Mwandida naye, patapita zaka zitatu, ankachitukwanabe m'mawa uliwonse.

Lachitatu thalauzi linanyowanso. Lachinayi chimodzimodzi.

Kumjigo amayi ankanong'onezana. Ati mlonda wa paloji akumva munthu akuzungulira damu usiku, koma akawalitsa tochi saona kanthu. Ati agalu a mlondayo, omwe amauwa ngakhale tsamba likagwa, masiku ano amangolowa pansi pa benchi n'kukhala chete. Ati mzungu wina wogona m'tenti ananyamuka kusanache, chakudya cham'mawa osachiyembekezera. Mayi wina anatsitsa mawu n'kunena kuti mlondayo akulumbira kuti mayendedwe ake ndi a munthu wamkazi.

Pa zonsezi Mwandida anatolapo liwu limodzi lokha, lakuti wamkazi. Ndipo nkhope anali nayo kale. Inali ya Vainess, mtsikana wolandira alendo paloji, wa milomo yofiira, amene ankaitana mwamuna wa mwini kuti "ba Jay" n'kumayenda mokhwekhwereza mapatapata ngati pansi ndi pa bambo ake.

Usiku wa Lachinayi Mwandida anadzigonetsa. Anamva mwamuna wake akudzuka mwakachetechete, akufufuza chikwanje pansi pa bedi, akunyamula chitseko ndi bondo. Anawerenga mpaka makumi awiri n'kumutsatira, wosavala nsapato, atadzifunda chitenje chakuda.

Mwezi unali kachidutswa chabe. Njira inakwera pakati pa udzu wouma mpaka pa mkuyu waukulu, pomwe njira zitatu zimakumana: yotsika kuchokera ku manda, yotsetserekera ku nyumba za antchito kumene iwo ankakhala, ndi yozungulira damu. Mwandida anabisala kuseri kwa chulu. Anaona Jairos akudula nthambi za msuku, akuziyala bwinobwino mopingasa njira ya kunyumba, milomo ikugwedera ngati akupemphera. Atatero analowa njira ya kudamu osacheuka.

Mtima wa Mwandida unachita kuwira. Kuno ngakhale mwana amadziwa tanthauzo la masamba aawisi pa mphambano. Ukatsogola pa ulendo wina akubwera m'mbuyo, umatseka njira yosayenera kulowa, kuti iye akafika atsate inayo. Choncho Jairos ankauza munthu wina kuti kunyumba usapiteko, kuli mkazi wanga, nditsate kudamu.

Sanadikire nthawi yaitali. Nkhululu zomwe zinkalira mbali zonse zinasiya pamodzi, ngati wina wazitseka pakamwa. Kenako kuchokera kumtunda kunamveka mapazi. Lina linkaponda bwino, linalo linkakokedwa m'fumbi: phaa, khwee, phaa, khwee, mosafulumira. Mumdima wa pansi pa mkuyu munaima chinthu chotuwira, chotalika ngati munthu wamkazi. Chinafika pa masamba aja n'kuima. Chinaima nthawi yaitali kwambiri, chikuyang'ana kumunsi kumene kunali nyumba, mpaka Mwandida anamva miyendo yake ikuchita dzanzi. Kunabwera kamphepo kozizira, konunkhira dothi lonyowa ndi masamba a ndimu. Munthuyo anausa moyo, natembenukira kudamu.

Munthu wina akanathawa osayang'ana m'mbuyo. Mwandida anachita mantha ndithu, tsitsi linamuimirira, koma nsanje inafika msanga n'kuwakhalira manthawo. Anabwerera kunyumba akulira ndi ukali, akudzifunsa kuti mtsikanayo wafika pothyola ndimu za pakhomo pake n'kumadzola.

Loweruka anapita kuloji ngati wokagulitsa tomato.

"Mumagona bwino masiku ano, a Vainess?"

"Awe amake, nigona monga mwana. Koma usiku sinichoka panja, kuli vinthu viyenda kudamu."

"Zinthu zimenezo tidzaziona nkhope."

Vainess anangomuyang'ana modabwa, ndipo Mwandida anati mumtima, taonani kuuma m'maso kwake.

Pofika Lamlungu nzeru inali itapsa. Kukawagwira kudamu sikukanamukwanira, chifukwa mumdima munthu amathawa, m'mawa n'kukana. Iye ankafuna mkaziyo abwere yekha pakhomo, aime pa kuwala kwa nyale, anthu a nyumba zoyandikana adzuke amuone. Usikuwo anatsatiranso mwamuna wake. Jairos atangolowa njira ya kudamu, Mwandida anatuluka kuseri kwa chulu, natola nthambi zonse za msuku, naziyala mopingasa njira ya kudamuyo. Ya kunyumba anaisiya yotseguka, anachita kuisesa ndi phazi kuti pasatsale tsamba ngakhale limodzi. Nkhululu zinali zikulirabe pamene ankatsika mothamanga.

Anayatsa nyale, natseka chitseko, nakhala pa mpando moyang'anana nacho, m'dzanja muli mthiko.

Woyamba kufika anali Jairos. Analowa thalauzi likudontha madzi, ndipo ataona mkazi wake ali maso sanakalipe. Anakhala pansi n'kutsamira khoma, nkhope yake itamasuka koyamba sabata yonseyo.

"Zatha, Mwandida," anatero motsitsa mawu. "Lero linali tsiku lachisanu ndi chiwiri. Tsopano ndikhoza kukuuza."

"Ndiuzeni. Dzina lake ndani?"

"Ndi dzina lomwe unaliletsa m'nyumba muno."

Anafotokoza monong'ona. Polambula njira yatsopano ija anadula mtengo wina m'mphepete mwa manda, osazindikira kuti mizu yake inafika pamene anagona Ethel. Kuyambira tsikulo, akamatsika ndi alendo madzulo ankamva munthu akumutsata. Akawerenga alendo ankakwana, koma mapazi ankaposa. Ndipo mapaziwo ankawadziwa, chifukwa Ethel ankakoka mwendo wamanzere kuyambira ali mwana.

"Ndinapita kwa atsibweni ake, a Boniface. Anati mwana wawo wadzuka, waona njira yolambula bwino, ndiye akufuna kubwerera kunyumba kwake. Anati ndimutsekere njira ndi masamba aawisi masiku asanu ndi awiri osadumphitsa, ine ndizibwerera kuno powoloka mtsinje kuti asanditsate fungo. Akapeza potseka amazungulira damu n'kukwereranso kwawo. Tsiku lachisanu ndi chiwiri akapezanso potseka, ataya mtima, agona."

"Bwanji simunandiuze?" Mawu a Mwandida anatuluka ang'onoang'ono.

"Ndikanayamba bwanji? Ndikangoti Ethel, iwe mbale zimauluka."

"Nanga... akapeza potsegula?"

Jairos anatukula mutu. Anayang'ana mthiko, nayang'ana mapazi a mkazi wake otuwa ndi fumbi la kuphiri. Kenako maso ake anaima pa katsamba ka msuku komwe kanakodwa pa mfundo ya chitenje chake. Milomo yake inayera.

"Ndimayesa ndi Vainess," Mwandida ananong'ona. "AMbewe, ine ndimayesa ndi Vainess."

Jairos anadzuka kuti atenge chikwanje, mwina akanathamanga n'kukatsekanso. Koma panja nkhululu zinali zitasiya kale kulira.

Phaa, khwee. Phaa, khwee. Mapaziwo anatsika njira ya kuphiri, nadutsa nyumba ya mlonda, agalu osauwa. Anadutsa pa mjigo. Atafika pabwalo anaima pa mtengo wa ndimu, ndipo kunamveka katsamba kakuthyoledwa, monga amachitira munthu wofika kwawo atachoka nthawi yaitali. Fungo lake linalowa m'nyumba kudzera pansi pa chitseko. Lawi la nyale linafupika, linasanduka lobiriwira.

Mwandida anagwira mkono wa mwamuna wake ndi manja onse awiri, mthiko utagwa pansi. Kwa zaka zitatu ankalimbana ndi mkazi amene sanamuonepo, ndipo usiku uno anali atamuitana yekha, atamusesera ndi njira yomwe.

"Akaodira musayankhe," ananong'ona Mwandida. "Mlendo salowa osamuyankha. Chitsekonso chimukanika, chimakanika aliyense."

Jairos anapukusa mutu pang'onopang'ono, misozi ikutsika.

Mapazi anakwera pakhonde. Sipanamveke odi, pakuti munthu saodira pa nyumba yake. Chitseko chinanyamuka pang'ono, monga chimachitira ukachikweza ndi bondo, kenako chinatseguka bwinobwino osalira.