Chidindo cha Namatetule

Lolemba m'ma eyiti koloko, apolisi awiri analowa mu ofesi, molunjika pa desiki ya mayi wa mapulogalamu.

"Kosungira mankhwala kwa kampani ino kwabedwa dzulo masana," anatero wamkuluyo. "Makamera onse anali atazima. Phukusi la pulogalamu lomwe lawazimitsa lili ndi siginecha yanu. Tiyeni."

Mayiyo anapsa mtima. Zaka zisanu ndi ziwiri akusamala kenelo, pulogalamu yomwe ili mtima wa makina a kampaniyo, lero atchedwe mbava anzake akuonerera?

"Ndipatseni mphindi khumi, bwana. Unyolowo suthawa."

Anatsegula phukusilo, wapolisi ali chilili kumbuyo kwake.

"Kamene kamayendetsa kamera ndi aka, timati mojulo. Kamapangidwa limodzi ndi kenelo yake, n'kutenga chidindo chake. Chidindo chikasiyana, kenelo imakakana. Aka si kanga. Mwini wake amafuna makamera azionetsa zithunzi zakale, koma anakapangira pa laputopu yake, pa kenelo yoyeserera. Makina atakakana, makamera anangoti zii."

"Ndiye mwini wake ndani?"

Mayiyo anawerenga chidindocho, n'kupezapo dzina loti Namatetule. Mu ofesimo aliyense ankalemba dzina lake lachibwana pa kenelo yoyeserera, ndipo wodzitcha Namatetule anali mmodzi yekha: mlamu wake, mng'ono wa mwamuna wake. Ntchitoyo anamupezera ndi mayiyo. Ankadya kwake, kuchapiridwa kwake, ndipo ankadziwa dilowa yomwe munkakhala fulashi yosunga kiyi ya mayiyo yosainira mapulogalamu.

Namatetuleyo anali pa desiki ya pawindo, maso ali pa sikirini ngati munthu wolimbikira ntchito.

"Alamu, tabwerani mudzawerenge dzina ili."

Anabwera, anawerenga.

"Alamu, tikakambirane kunyumba."

"Kunyumba kwa ndani? Munaba dzina langa kuti ndikagone m'chitokosi ine, ndipo ngakhale kubako mwalephera. Kangati ndinakuuzani kuti mojulo sapangira pa kenelo yoyeserera?"

Pofika leveni koloko, apolisi anali atapeza makatoni makumi atatu a mankhwala m'galaja ya mnzake wa Namatetule. Onse awiri anakwezedwa m'galimoto, unyolo uli m'manja.

Foni ya mayiyo inalira. Anali mwamuna wake.

"Mayi a ana, ameneyo ndi mwana wa amayi anga. Kauzeni apolisi kuti kunali kulakwitsa chabe."

"Siginecha inali yanga, bambo. Mukanamva kuti m'galimotomo muli ine, mukanamuimbira mng'ono wanuyo kuti akaulule?"

Mayiyo anadula foniyo, n'kuyamba kusintha kiyi yosainira.