Zala Zitatu za Azakhali Habiba

Kutatsala masabata atatu kuti mayeso a Fomu 4 ayambe, Ramla anakomoka m'kalasi. Kuchipatala anamuyeza malungo, osawapeza. Magazi analinso okwanira. Koma mutu sunaleke kupweteka, ndipo zimene wawerenga m'mawa pofika masana zinali zitauluka.

"Chaka chino asalembe," anagamula bambo ake, a Twalibu.

Loweruka, kunyumba kwawo ku Nsanama kunafika mlongo wa a Twalibu, a Habiba, namwino wa ku Balaka amene anakaphunzirako kumpoto kwa India. Kumeneko anaonerera madokotala a ku Tibet akuthandiza odwala. Anakhazika Ramla pamkeka, n'kuika zala zitatu pamtsempha wa padzanja lake, ali phee ngati akumvera wailesi yakutali.

"Achemwali, jakisoni mwabwera naye?" anafunsa a Twalibu.

"Iyayi. Ramla, tulutsa lilime. Eya. Umagona maola angati?"

"Awiri, mwina atatu."

"Nanga tulo tikakugwira?"

"Ndimaviika mapazi m'beseni la madzi ozizira. Kalasi yonse timatero."

"Wadya chiyani lero?"

"Tiyi."

"Ukuopa chiyani, mwana iwe?"

Ramla anayang'ana pansi, misozi ili mbwembwembwe. "Ababa anauza anthu onse kumzikiti kuti ndidzakhala dokotala."

A Twalibu anavula chisoti, n'kuchivalanso.

"Dokotala wina wokalamba wa ku Tibet ankati m'thupi muli zitatu: mphepo, ndulu ndi makhololo," anatero a Habiba. "Chimodzi chikaposa chinzake, munthu wadwala. Mantha, njala, kuzizira ndi kusagona, iwo amati zimautsa mphepo. Wodwala mutu samufunsa za mutu zokha. Amamufunsa za m'mbale, za pamphasa, za mumtima."

A Habiba analamula phala lotentha m'mawa uliwonse, kugona nthawi yabwino, ndi kupaka mafuta ofunda kumapazi. Zikapitirira, abwererenso kuchipatala.

"Mankhwala otsalawo, achimwene, ali pakamwa panupo."

A Twalibu anatsokomola kawiri. "Mwanangu, zijatu ndinkangodzitama kwa anzanga a Usumani kumzikiti kuja. Ukhoze, usakhoze, pano m'pakwanu."

Ramla anapezako bwino. Tsiku loyamba la mayeso a Twalibu anamukweza okha panjinga, n'kumudikira pansi pa mtengo wa mango mpaka atatuluka.

"Zayenda bwanji?"

"Funso lachinayi landikanika, ababa. Enawo ndayankha onse."

"Limodzi lokha? Kwera, mawanso kuli ena."